Ng'anjo ya Amalume

Chaka chino ndataya mkazi, mwana amene sindinamumve kulira, ndi kampeni kachitsulo chakuda. Kampeniko kanali m'chikwama chimene mkazi wanga anapita nacho kuchipatala. Sindinafunse kumene kanathera.

Amene adakasula kampeniko ndi amalume, m'nyengo yachisanu, ndili Sitandade 4 kwathu ku Chongoni. Aphunzitsi adatiuza m'kalasi kuti chitsulo chidabwera ndi azungu. Nditakanena kunyumba, amalume, amene ankawotcherera makasu, adaseka mokwiya. "Nanga agogo ankalima ndi zikhadabo?" Adalumbira kuti aumba ng'anjo, uvuni wosungunulira miyala ya chitsulo, monga adamvera kwa akuluakulu. Iwo eni anali asanaionepo ikuyaka.

Adaiumba ndi dothi la pachulu, kutali ndi mudzi, ndipo kumaso kwake adaikako mawere awiri. "Ng'anjo ndi mayi wapakati," adatero. "Ukaiyatsa sutsegula. Umadikira ichire yokha."

Mawuwo adandilowa molakwika, pakuti amayi nawonso anali ndi pakati, mwezi wawo utayandikira. M'mutu mwanga awiriwo adasanduka munthu mmodzi. Ng'anjo ikang'ambika, amayi afa. Sindidauze munthu.

Tsiku loyatsa kudali nkhungu, zala zitauma ndi mphepo. Mvukuto wa chikopa cha mbuzi unkanunkha ngati mbuzi yonyowa. Amalume akupopa, ine ndinkazungulira ndi chigoba cha matope, kufunafuna ming'alu. Uliwonse wooneka ndinkaumata ndi manja, dothi nkumalira kuti tsii, zikhatho nkutuluka matuza. Aphunzitsi, ataima patali ndi jekete lawo, adandiyamikira kuti ndimakonda sayansi.

Masana khoma lidang'ambika kuchokera pansi pa bere mpaka m'munsi. Ndidamata ndikulira. Amalume adandikoka pakolala. "Zatsala si zako, iwe. Khala apo."

Ataibowola, mudatuluka zinyalala zakuda zambiri ndi kachitsulo kosaposa dzira la nkhuku. Aphunzitsi adakatembenuza m'manja. Ndi kachitsuloko kamene amalume adasulira kampeni kaja. Sabata yotsatira amayi adachira bwinobwino, mwana wamkazi. Ine ndidakhulupirira kuti adapulumuka chifukwa cha matope anga.

Kukoleji ndidaphunzira chimene makala ndi mpweya zimachita pa mwala, ndipo za mawerezo ndinkazinena moseka. Koma chikhulupiriro china chija, choti ukayang'anitsitsa mokwanira palibe chimene chingang'ambike, sindidachisiye. Mkazi wanga ndinamuperekeza kusikelo ulendo uliwonse. Mankhwala ake ndinkamuikira m'dzanja ndekha. Ndili mwana sindikanamvetsa kuti amalume ankanena zoona: pali pamene mwamuna amangokhala panja.

Anamwino akumulowetsa m'chipinda chochilira, mkazi wanga anandiona nditakakamira pachitseko. Anaseka, ngakhale ululu unali utamugwira.

"Musaime apo ngati mlonda, inu. Kandigulireni tchipisi. Ndituluka ndi njala."