Mawu a Namwino Athamangitsa Mkamwini Wathu

Namwino wa pachipatala chaching'ono cha kwathu kuno wapasula banja la mdzukulu wanga ndi pakamwa pokha. Amayi anzanga a ku Malemia ndi ku Songani, imvani mmene zinayendera.

Mdzukulu wangayo ndi Fanesi. Ali ndi pakati pa miyezi iwiri anatentha thupi, anatuluka totupa tofiira, ndipo kuseri kwa makutu kunatupa. Ndinamuperekeza ndekha. Namwinoyo sanadzuke n'komwe pampando. Anati ndi totupa ta thukuta, akasambe madzi ozizira. Ndinafunsa ngati sichinali chikuku, popeza ana angapo pamudzi anali atadwala chimodzimodzi. Anandifunsa ngati sukulu yanga inali ya udokotala. Tinabwerera kwathu.

Mwana anabadwira pachipatala pomwepo, wamkazi, wochepa thupi. Khungu lonse linali mawanga akuda ngati mabulosi, ndipo pamchombo magazi sankaleka. Namwino uja anamuyang'ana, n'kutembenukira kwa amayi amene anadzaza pakhonde.

"Kafunseni bambo wake kumene ankayenda mkazi ali woyembekezera."

Nonse mukudziwa tanthauzo lake: mwamuna akayenda ndi mkazi wina, amati wamusempha mwana. Dzuwa lisanalowe mawuwo anali atafika kumudzi. Atsibweni ake a Fanesi, amene ndi mwana wanga woyamba, anatulutsa katundu wa mkamwini wathu, a Wilisoni, n'kumuunjika pabwalo. A Wilisoni analumbira, koma ndani akanamvera mkamwini, wachipatala atanena kale? Anabwerera kwawo osaliona khandalo.

Nthawi imeneyo ine ndinali nalo ku chipatala chachikulu ku Zomba. Funso loyamba la dokotala linali lakuti kodi mayiyu sanatuluke totupa mimba ili yaing'ono. Anafotokoza kuti matendawo ndi rubela, mtundu wina wa chikuku. Kachilombo kake kamamupeza mwana ali m'mimba, n'kuchepetsa tizigawo timene timaundanitsa magazi pabala. N'chifukwa chake magazi ankatulukira pansi pa khungu. Mwanayo anamuthira magazi, ndipo mawanga akuzimiririka, ngakhale kuti makutu ndi mtima ayenera kupimidwabe. Ndinafunsa za bambo wake. Dokotala anati alibe mlandu.

Nditabwerako ndinapita kwa namwino uja mwaulemu. Anati za totupa sakukumbukira, ndipo za bambo zija zinali nthabwala chabe. Nthabwala? Pamaso pa khanda lotaya magazi?

Apa ndipo pagona kukayika kwanga. Sindingalumbire, koma ndikuganiza kuti ataona mawangawo anakumbukira totupa timene anakana kuyang'ana, ndiye analoza mkamwini tisanamuloze iye. Chodabwitsa n'chakuti dokotala ananena kuti ngakhale namwinoyo akanazindikira kale, mankhwala ake panalibe. Tikanamukhululukira. Nanga ankabisa chiyani? Ndipo ndi amayi angati ena amene anawabweza ndi madzi ozizira chaka chimenecho?

Mwana wanga woyamba uja ndiye mwini mbumba, ndipo sindingamutsutse pagulu. Iye akuti dokotala wa ku Zomba sadziwa za kuno, ndipo woti atsuke mkamwini ndi namwino yemwe uja ananena poyamba. Ankhoswe akumana Loweruka. Tsono inu anamwino, bwerani mudzabweze mawu anu pamaso pawo, mokweza ngati mmene munawanenera. Mpaka lero mwanayo alibe dzina, pakuti woyenera kumutcha ndi amene munamuthamangitsa.