Khukhi wa ku Area 10 ndi Nyama ya Agalu

Ndikanadziwa, sewero lija ndikanaliponya mumtsinje wa Lilongwe.

A Maynard Chimkono, a kwathu ku Mitundu, anagwira ntchito ya ukhukhi m'nyumba ina ku Area 10 kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Munthu wamtali, wotsimphina mwendo wamanzere, woyankha chilichonse ndi mawu amodzimodzi: "Zili kwa Mwini." Abwana akamakalipa, iwo ankangoima njo, manja kumbuyo. Kugwada ankagwada m'tchalitchi mokha.

Loweruka lililonse madamu a m'nyumbamo ankagulira agalu awo awiri nyama yang'ombe. A Maynard ankadulako kanthuli, n'kukulunga m'pepala, kukapatsa adzukulu. Anandiuza okha zimenezi, tikuseka.

Ine wolemba masewero a pa wailesi ndinati apa ndatola. Amene anatiphunzitsa kulemba ankati munthu wa m'sewero akhale ndi kayendedwe kake ndi kalankhulidwe kake, asamasinthesinthe ngati bilimankhwe. Ndiye ndinawatenga a Maynard athunthu: mwendo, mawu aja, agalu awiri, kanthuli. Ndinangosintha dzina. Uchitsiru wakewo! Kumapeto ndinaikapo zanga: khukhi wagwidwa, wagwada, walira, wakhululukidwa.

Ndikanadziwa bwanji kuti madamu amamvera wailesi m'galimoto? Sewero litaulutsidwa, Loweruka lotsatira anawadikirira a Maynard pageti n'kuwatsegulitsa chikwama. Ntchito inathera pomwepo.

Nditamva, ndinanyamuka kukawafuna a Maynard. Ndinakawapeza ku Area 1, pafupi ndi msika, akukazinga tchipisi pa chiwaya cha mphwawo. Bambo wophikira akuluakulu aja, utsi uli kumaso! Ndinayamba kupepesa.

"Sewero lanu ndinalimva, mwana wanga," anatero. "Munandijambula bwino, moti ndinadziopa ndekha. Koma kumapeto kuja munanama."

"Ndinanama chiyani, bambo?"

"Madamu anati ndigwade ngati khukhi wa pa wailesi uja, andikhululukira. Anadikira ndithu, geti lili chitsegulire."

"Ndiye simunagwade? Ntchito yonse ija?"

Anatembenuza mbatata zawo, osandiyang'ana.

"Munthu munamulemba uja sangagwade. Inu amene munamuumba, simunadziwe?"

Iwo anandikulungira tchipisi m'pepala, nandiuza kuti ndidye zisanazizire.