Chipani cha Liivu

Chaka chimene Angerezi anachita chisankho chokangana za kutuluka mu mgwirizano wa maiko a ku Ulaya, ine ndinali dalaivala wa banja lina la Chingerezi ku Al Hilal, dera la mumzinda wina wa Aluya ku Gulf, ndipo ndinkafuna liivu. Mwana wamkazi wa mlongo wanga anali atapeza mwamuna, chinkhoswe atachiika masiku a Khirisimasi. M'mimba mwa amayi athu wamwamuna ndine ndekha, choncho malume a mwanayo ndine, nkhoswe yake ndine. Mlongo wanga sankachulukitsa mawu pa foni. Ankangoti, "Achimwene, anthu aja akufunsa kuti akalankhula ndi ndani."

Nthawi ya liivu pa kontirakiti yanga inali itakwana kale. Koma masiku amenewo wantchito wa pakhomo sankakwera ndege popanda chilolezo cha kafili, ndiye kuti munthu amene dzina lake lili pa khadi lako. Pa khadi langa panali dzina la madamu. Ndinkaliona tsiku ndi tsiku, koma ndinkati n'zamapepala chabe, mwini khomo ndi abwana. Nditapempha koyamba, onse awiri anayankha mofanana, kuti tiona zikatha izi. Izi zinali chisankho. Yankho limeneli linali chinthu chokhacho chimene anagwirizana chaka chimenecho.

Abwana anali a chipani cha buluu, chofuna kutuluka msanga. Madamu anali a chachikasu, chofuna kukhalabe. Panalinso chofiira, chimene chinkati anthu afunsidwenso, koma mtsogoleri wake osanena mbali imene iye mwini waima. Mitundu yonseyi kwathu tili nayo, moti poyamba ndinkaona ngati nkhani za kumudzi zanditsatira. Bwalo la msonkhano linali mpando wakumbuyo wa galimoto. Ankayamba tisanatuluke pageti, n'kukafika ku Msheireb kumene madamu ankagwira ntchito, mkangano usanafike ngakhale pakati.

Sukulu ndinalekezera Fomu 2. Zotsalazo ndinaphunzira m'malo oimika magalimoto, kuchokera m'mabuku amene abwana ankataya asanawamalize. Dalaivala ntchito yake yeniyeni ndi kudikira, ndipo ine ndinadikira ndi mabuku onenepa a mbiri yakale mpaka ndinayamba kudziona ngati munthu woti angafunsidwe maganizo. Palibe anandifunsapo. Komabe ndinatenga nyuzipepala zawo n'kuwerenga malonjezo a zipani zonse zitatu, ndili ndi chiyembekezo cha munthu amene anakula akumva kuti kwa Azungu ndale ndi za nzeru. Ndinapeza za kwathu zomwe. Uyu zipatala, uyu apolisi, uyu intaneti yaulere. Aliyense akuti mnzake ndi wabodza, ndipo pamenepo pokha onse ankanena zoona. Chosowa chinali nsalu za nkhope ya mtsogoleri ndi amayi ovina kutsogolo. Kwathu wabodza amakusiyirako nsalu yofunda. Kumeneko amanama chimanjamanja.

Nkhani imene abwana ankaikonda inali ya alendo. Dziko lawo akuti ladzaza alendo, alanda ntchito, sakufuna kuphunzira chinenero. Ankanena izi tikudutsa amuna a ku Nepal akuthira phula dzuwa lili pamutu, ine Mmalawi ndili pa chiwongolero, iwo atakhala ku Gulf zaka zambirimbiri koma Chiarabu chawo chikuthera pa yala ndi khalasi, ndiye kuti tiye ndi basi. Iwo sanali mlendo. Azungu akakhala kwa eni ali ndi dzina lina lodzitchulira, lomveka ngati udindo. Voti yawo anatuma mchimwene wawo kuti akawaponyere, poti dziko limene ankalikonda chotero sankatha kupirira nyengo yake yozizira.

Lachisanu ndinkapita ku Al Muntazah, kuchipinda kumene Amalawi anzanga a sikyulite ndi a m'mahotela ankagona mothithikana. Kumeneko ankanditchula apulofesa, osati mwaulemu kwenikweni. Wamkulu pa tonse anali mdala wina wa ku Dedza, mlonda pa nyumba ya maofesi ku Msheireb, munthu amene kwathu anavinapo m'zipani zitatu popanda kusintha nkhope.

"Apulofesa, tatimasulireni," anatero mdalayo tsiku lina tikumwa tiyi wa karaki. "Bwana wanuyo akufuna chiyani kwenikweni?"

"Akufuna dziko lawo lituluke."

"Lipite kuti?"

"Silipita kulikonse, achikulire. Likhala pomwepo."

"Ndiye kutuluka kwake n'kotani? Ngati mkazi wonena kuti ndachoka pabanja, n'kusamukira kukhitchini?"

Ndinayesa kufotokoza za malonda ndi malamulo, koma ndinalakwitsa n'kutchula mawu a Chingerezi amene iwo amanenera kutulukako. Ndi omwewo amene ife timati liivu. Chipinda chonse chinagwa ndi phwete. Mnyamata wa kuhotela amene anali m'tulo atachoka pa shifiti anadzuka kuti amve chaseketsa anthu.

"Dziko lonse likupempha liivu?" anafunsa mdala akupukuta misozi. "Kafili wawo ndani?"

"Ndiye vuto lake limenelo, achikulire."

"Ayi, vuto ndi inu. Bwana wanu ndi wa chipani cha liivu, inu mukulira liivu, koma mwangokhala pakati ngati wopenyerera mpira. Mabuku anuwo sanakuuzeni? Munthu wandale umamupempha pa kampeni, kapena m'mawa wopambana asanasambe. Ukachedwa wasintha nambala. Lowani chipani, apulofesa. Gulani malaya."

Ndinaseka nawo, koma pobwerera ndinalowa m'sitolo ina momwemo ku Al Muntazah n'kugula malaya a buluu. Ndinkadziuza kuti ndikungofuna malaya.

Kuyambira pamenepo ndinakhala wachinyamata wa chipani. Abwana akalankhula ndinkagwedeza mutu pa galasi. Akapuma ndinkati, "Zoona, bwana." Tsiku lina ndinafika potulutsa maphunziro anga. Ndinawakumbutsa za mfumu yawo ina yakale imene inatulutsa dziko lonse mu mpingo chifukwa chofuna mkazi wina, n'kunena kuti kutuluka ndi mwambo wa makolo awo. Mpaka lero sindidziwa ngati ndinkawayamikira kapena kuwanyoza. Iwo anamva kuyamikira. Anamenya mpando wanga ndi chikhatho, n'kutembenukira kwa akazi awo.

"Wamva? Ngakhale dalaivala akuzimvetsa."

Mawu akuti ngakhale aja anandilowa ngati munga wa m'nsapato, koma ndinamwetulira. Ndinangomva maso a madamu pankhongo panga ulendo wonse.

Madamu nawo anali ndi ulaliki wawo. Chimene chinkawapweteka ndi chakuti ana awo, amene ankaphunzira kwawo ku Mangalande, adzalandidwa ufulu wopita kulikonse mu Ulaya osapempha munthu. Ankati palibe nkhanza yoposa kutsekera munthu malire. Tsiku lina analira ndithu, ine n'kuwapatsira tishu kumbuyo ndi dzanja limodzi. Pa nthawiyo sindinaone chachilendo. Ndinali wotanganidwa ndi kampeni.

Buluu anapambana, ndipo anapambana moonekeratu. M'mawa mwake ndinapeza abwana pa kapinga atavala kabudula, foni kukhutu, akuseka ngati iwo ndi amene asankhidwa. Ndinachita monga timachitira kwathu. Ndinavula kapusi, ndinadikira amalize, n'kuyandikira dzanja lamanzere litagwira mkono wamanja.

"Bwana, ndabwera kudzagwira dzanja. Tapambana."

"Tapambana, mnzanga." Anandikumbatira, chinthu chimene anali asanachitepo.

"Ndiye poti lero ndi la chisangalalo, ndimati ndikumbutse za liivu ija. Chinkhoswe cha mwana chayandikira."

"Pita. Pita ndithu. Lero aliyense ndi mfulu." Anali atayamba kale kuimba foni ina. "Ungowauza madamu, ndi amene amadina zimenezo pa kompyuta."

Sindinadikire. Ndinazungulira kuseri kwa galaja n'kuimbira mlongo wanga. Anaimba nthungululu mpaka foni inalira mokanda khutu. Ndinamumva akuitana mwana uja kuti amalume ako akubwera, ndipo asanadule anali atatuma kale munthu kukauza akuchimuna.

Madamu anatuluka mochedwa, atavala magalasi akuda. Analowa m'galimoto, tinanyamuka. Munthu wanzeru akanadikira, koma mdala anati asanasambe, ndipo ine ndinali nditavala malaya aja. Pa maloboti ena ndinatsokomola.

"Madamu, abwana avomera za liivu ija. Akuti mungodina."

"Avomera ndani?"

"Abwana."

Anaseka kamodzi kokha, m'mphuno. "Tamvera. Nyumba ija ndi ya kuntchito kwanga. Galimoto ino ili m'dzina langa. Iwe uli m'dzina langa. Abwana akowo nawonso ali m'dzina langa, nditati ndisiye ntchito lero, mawa akulongedza. Ndiye avomera ndi chiyani?" Anatsegula chikwama n'kutsekanso. "Khirisimasi ino kukubwera ana ndi amayi anga. Ndikufuna dalaivala. Za liivu tidzakamba chaka chamawa." Loboti itasintha anawonjeza kuti, "Malayawo akukukhala."

Mawu amene anandibwerera m'mutu si a m'buku lililonse. Mkamwini. Abwana anali mkamwini. Ine amene ndinakhala pachikamwini zaka zonse za unyamata wanga kwa akazi anga ku Mchinji ndinayenera kumuzindikira tsiku loyamba. Ndimamudziwa mwamuna wotere chifukwa ndinali iyeyo. Ndi amene amalankhula mokweza pakhonde za mmene dziko liyenera kuyendera, koma mbuzi ya pakhomo sangagulitse osafunsa. Amakonda nkhani za kudzilamulira chifukwa kwina kulikonse salamula kanthu. Mwana aliyense wa kwathu amadziwa kuti pakhomo potere ukafuna kanthu umalowera kukhitchini. Ine ndinawerenga za mafumu onse a Angerezi, n'kukachita kampeni kwa mkamwini.

Madzulo ndinabwerera kwa abwana. Anali pa tebulo lodyera, pamene ankati ndi ofesi yawo. Ndinafotokoza. Anandiyang'ana monga phungu amayang'anira munthu wa kumudzi amene wamupeza mu tawuni mavoti atawerengedwa kale, kuyesa kukumbuka kuti nkhope iyi anaionera kuti.

"Aa, za m'nyumba sindilowerera," anatero. "Ukudziwa mmene alili masiku ano. Apole kaye."

Lachisanu lotsatira mdala wa ku Dedza sanadabwe ngakhale pang'ono. "Ndiye mwalowa chipani cholamula dziko, koma chotsutsa pakhomo," anatero. "Palibe kanthu. Dumphani. Aphungu athu amadumpha asanalumbire n'komwe. Malaya achikasu alipo pa sitolo pomwe paja."

Malaya achikasu sindinagule, ulemu pang'ono unali utanditsalira. Koma kudumpha ndinayesa. Tili awiri m'galimoto ndinauza madamu kuti nditaganiza bwino, kutuluka kuja n'kupusa, ndipo ana awo alakwiridwa.

"Usavutike," anayankha osakweza maso pa foni. "Sikuti ndikukulanga. Zandale sizikukhudzana ndi zimenezi. Ndikungofuna munthu wokatenga amayi anga ku eyapoti."

Mwina ankanena zoona, ndipo ngati ndi choncho ndiye zoipa kwambiri. Munthu amene analirira malire a ana ake sanaone kuti malire anga ali pa chala chake. Wa buluu anandipatsa ufulu umene sunali wake kupereka. Wachikasu anali nawo, koma ankaufunira anthu amene amawaona ngati anthu. Wofiira sindinakumane naye, koma ndikukhulupirira akanati tifunsenso.

Kuimbira mlongo wanga kachiwiri ndinazengereza mpaka iye ndi amene anaimba, kufunsa tsiku lofika kuti apeze wokandichingamira. Ndinamuuza kuti sindibwera. Kenako anati, "Chabwino, bambo." Chibadwire anali asananditchulepo bambo.

Tsiku la chinkhoswe ndinapititsa banja lonse ku nkhomaliro pa hotela ina. Abwana ndi madamu anali atayanjana, akuseka limodzi ndi ana awo, za mgwirizano osazitchulanso. Ndinaimika galimoto pansi pa nyumbayo, pomwe netiweki imagwira mbali imodzi yokha, n'kuima pafupi ndi chipilala foni ili m'manja. Mwana wa aneba kumudzi ankandionetsa mwambowo pa vidiyo, chithunzi chikuduka n'kubweranso. Mlongo wanga anali atabwereka malume. Anapempha mkulu wa mpingo wina wa kutchalitchi kwawo, munthu wabwino ndithu, amene ine sindinkamudziwa. Anavala suti yotuwa. Ndi iye amene analandira tambala kwa akuchimuna n'kupereka thadzi, ndi iye anagwira dzanja la mwana wathu, ndipo wolengeza atafunsa kuti eni mbumba ali kuti, anthu onse anatembenukira kwa iye. Analankhula bwino, kuposa mmene ine ndikanalankhulira. Foni ina inalowa pakati, madamu akuti ndizungulire kukhomo lalikulu chifukwa agogo atopa.

Liivu ndinapatsidwa nyengo yotentha, banja lonse litathawira kwawo kukapuma dzuwa. Mwana uja anandilandira ndi ulemu wonse, anagwada, anandiphikira nkhuku. Koma nkhoswe sasintha ngati malaya. Mpaka lero akayambana ndi mwamuna wake amakagogoda kwa mkulu wa mpingo uja, ndipo ine ndimamva nkhaniyo itaweruzidwa kale.