Mlendo Sasesa

Agogo anga, obereka amayi, anali ndi resitihausi ya zipinda zisanu kuseri kwa msika wa pa Boma ku Mchinji. Inali ya zidina, pansi pozira, ndipo ogonamo ambiri anali ogula mtedza ndi amayi a geni ochokera ku Chipata. Agogo sankaseka ndi munthu. Lamulo lawo ndinalimva mpaka kutopa nalo: mlendo ndi mame, sagwira tsache. Wosesa pabwalo ndi mwana wa pakhomo.

Amayi anandisiya pamenepo ndili wamng'ono. Bambo atamwalira, iwo anakwatiwanso ndi mwamuna wa ku Chipata, n'kumutsatira kwawo akuluakulu asanakambirane za chitengwa. Kwathu mwamuna ndiye amadzakhala kwa mkazi. Agogo anati mwana wawo wawavula pagulu, ndipo dzina lake silinatchulidwenso pakhomopo.

Amayi anabwera nditakula kale, ndili ndi mwana kumbuyo. Anali ataonda, atanyamula shuga ndi chitenje chatsopano. Ndinkayembekezera mkangano, ndipo ukanachitika bwenzi zili bwino. Koma agogo anawayalira mphasa, n'kuwalonjera mwaulemu wonse, kenako anawatsegulira chipinda chachitatu, chabwino kuposa zonse.

M'mawa mwake ndinapeza amayi atawerama pabwalo, akusesa masamba a mango. Asanafike pakati, agogo anatuluka n'kutambasula dzanja.

"Pepani alendo," anatero. "Kuno mlendo sasesa."

"Amayi, ndine mwana wanu," anayankha amayi.

"Madzi atentha. Kasambeni."

Amayi anapereka tsachelo ndi manja awiri, ndipo masana anakwera minibasi ya kumalire. Tsiku limenelo agogo ndinadana nawo. Ndinawauza pamaso kuti ndi ouma mtima, iwo n'kungondituma kukachapa zofunda za m'chipinda chachitatu.

Panapita zaka zitatu. Miyendo itayamba kuwavuta agogo, tsiku lina ndinawapeza pakhonde akumanga tsache latsopano ndi luzi. Atamaliza anandiponyera pamiyendo.

"Ukampatse mayi ako," anatero osandiyang'ana. "Ukamuuze kuti bwalo lada, ine msana ukundiwawa."

Apa mpomwe ndimadziimba mlandu. Ku Chipata si kutali, munthu umapita m'mawa n'kubwerako dzuwa lisanalowe. Koma inali nyengo ya mtedza, zipinda zonse zodzaza, ndipo kunena zoona mkwiyo unali usanandithere. Ndinati nayenso gogoyu alaweko kudikira. Foni ndinali nayo, koma ndinkafuna kudzaona ndekha nkhope ya amayi polandira tsachelo. Ndinalisomeka kudenga la khonde, kuseri kwa mtanda. Agogo akandifunsa ndinkati ndapereka kwa mayi wina wa geni, yankho lifika.

Patatha milungu itatu mwamuna wa ku Chipata uja anaimba foni kuti amayi atisiya. Matenda amene ankawaondetsa aja anali atawagoneka kwa mwezi, ndipo anakaniza kuti tisauzidwe, poti sankafuna kuvutitsa anthu. Thupi analibweretsa kwathu, maliro tinalirira pabwalo lomwe lija.

Tsiku losesa, m'mawa wotsatira kuika, pamene abale amachotsa phulusa ndi zinyalala za pamaliro, matsache anachepa. Msuweni wanga pofunafuna anasolola lija kudenga, luzi lake lidakali loyera. Agogo analizindikira nthawi yomweyo. Anandiyang'ana, ine n'kuzolika.

"Silinapite," anatero motsitsa mawu.

Ndikanakonda akanandimenya nalo. M'malo mwake analitenga, n'kuyamba kusesa okha kuchokera pansi pa mango, akukoka miyendo. Azakhali atafuna kuwalandira, anakana ndi mutu.

Agogo anakhalanso zaka ziwiri, ndipo nkhaniyi sanaitchulepo ngakhale kamodzi. Resitihausi ija ndikuyendetsa ndine tsopano, ndipo m'mawa uliwonse ndimasesa bwalolo. Amayi anapita akudziwa kuti kwa mayi wawo ndi mlendo. Uthenga woti si choncho unali kudenga kwanga milungu itatu.