Amayi Anafuna Kudzimvera Okha

Amayi anga anamwalira atakalamba zedi, moti m'mudzi mwathu ku Domasi munalibenso munthu amene akanati anawaonapo ali mtsikana. Zaka zawo zenizeni sitinkazidziwa. Iwo ankangoti makolo awo anafika kuno kuchokera ku Mozambiki iwo ali kumsana, ndipo nkhani inkathera pomwepo. Koma ndikamawakumbukira sindiyambira pa imfa yawo. Ndimayambira pa chaka china, mpunga utangolowa m'nyumba, pamene anatisonkhanitsa tonse n'kutivinitsa mpaka miyendo kuwawa.

Zinayamba ndi foni. Nthawi imeneyo ndinkaphunzitsa kupulayimale ku Zomba m'tauni, ndipo amayi ankakhala ndi mwana wanga wamkazi woyamba, yemwe anakwatiwa kumudzi komweko. Mwanayo anandiimbira ndili m'kalasi.

"Amayi, agogo akuti mubwere Loweruka. Akuti ndi nkhani yaikulu."

"Akudwala?"

"Kudwala? Panopa ali panja akukalipira nkhuku zomwe zikudya mpunga pamkeka."

Loweruka ndinakwera minibasi, n'kutsika pa Songani, n'kutenga kabaza mpaka kwathu. Ndinapeza achimwene anga atafika kale. Achimwene ndi oyamba kubadwa, mkulu wa mpingo, munthu woyenda ndi jekete ngakhale dzuwa likuswa mtengo. Amayi anali pakhonde, atamanga duku loyera, miyendo ili tambalale.

"Dzana tinaika mnzanga uja ndinkaimba naye," anayamba motero tisanamalize n'komwe kupatsana moni. "Anthu anayankhula zokoma. Kwaya inaimba mpaka thupi langa lonse tsembwe. Nanga mwiniwake anamva chiyani? Palibe. Ndiye ine zanga ndikufuna ndidzimvere ndekha, khutu langa labwinoli lisanagonthe ngati linzake."

Achimwene anatsokomola. "Amayi, zimenezo n'kuitana imfa. Anthu adzatiyesa chiyani?"

"Imfa ikudziwa kale pomwe ndimagona, mwanawe. Ine ndikuitana anthu. Mulungu wandisunga nthawi yonseyi, ndiye ndimuthokoze ndili chete m'bokosi?"

Ine ndinangoseka, chifukwa amayi ndinkawadziwa. Bambo athu anamwalira ife tili aang'ono, ndipo amayi anatilera ndi khasu ndi zitumbuwa zomwe ankagulitsa pasiteji pa Songani. Kuwerenga sankadziwa, koma nyimbo zonse za m'tchalitchi zinali m'mutu, mavesi onse osadumpha. M'mawa uliwonse ankagwada n'kupemphera mokweza, kutchula aliyense, kuyambira ife ana mpaka mayi wina amene anakangana naye pamjigo. Phala linkachita kuzizira tikudikira ameni. Nthawi ya dzinja mtsinje ukadzaza, ankakulunga bulauzi yawo yoyera m'pepala la pulasitiki, n'kuisenza pamutu, n'kuwoloka kupita kutchalitchi madzi akufika m'chiuno. Munthu wotero akanena kuti akufuna chinthu, kukana kunali kungotaya malovu.

Achimwene anayesa njira ina. Anati nkhani yotere imafunika abusa, ndipo anali ndi chikhulupiriro choti abusa akana. Amayi sanadikire kuti wina awanenere. Lolemba anatenga ndodo yawo ulendo wa kunyumba ya abusa, mwana wanga akuwaperekeza. Abusawo anali wachinyamata, atangofika kumene pampingo wathu. Mwana wanga akuti atamva nkhaniyo anaseka mpaka kuvula magalasi.

"Agogo, chiyamiko sichiletsedwa. Tsiku ndi lanu. Koma mundilole ndidzalalikire mwachidule."

"Mwachidule ndithu, abusa," anatero amayi, "chifukwa oyankhula alipo ambiri."

Basi moto unabuka. Mafoni anayamba kulira ku Blantyre, ku Lilongwe, mpaka ku Joni kumene kunali mwana wamkazi wa achimwene. Iyeyo anati za ulendo zinali zovuta, sakulonjeza. Amayi anati mpunga wa pamwambowo ukhale wa m'dimba mwawo, osati wogula, choncho matumba anapita kuchigayo pa njinga. Amayi a mumpingo anabwera kudzaphika thobwa m'migolo. Achimwene, omwe aja ankakana, ndi amene anabwera akukoka mbuzi ziwiri, n'kumalamula anyamata komangirira matenti ngati nzeru yonseyi inali yawo. Amayi ankangozungulira ndi ndodo yawo, kulawa thobwa, kugwedeza mutu, kunena kuti chimera chachepa.

Tsikulo linafika, kunja kuli mbee, phiri la Zomba likuoneka ngati ungaligwire ndi dzanja. Achimwene anali atabwereka galimoto kuti inyamule amayi. Inaima pakhomo, yotsukidwa bwinobwino. Amayi anatuluka atavala yunifolomu yawo, bulauzi yoyera yosita, nsapato zakuda zomwe ankazisungira Lamulungu. Anaiyang'ana galimoto ija kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo.

"Kutchalitchi ndayamba kupita pa galimoto liti? Kwezanimo mapoto."

Ndiye tinayenda wapansi. Amayi patsogolo, pang'onopang'ono, ife pambuyo. Tisanafike patali amayi anzawo ovala zoyera anatuluka m'tinjira ta m'minda n'kuyamba nyimbo. Ana anathamanga kuchokera m'makomo. Anthu amene ankapita kumsika anatembenuka n'kutitsata, madengu ali pamutu. Pamlatho watsopano wa pamtsinje uja tinapeza anyamata a kabaza atandanda mbali zonse ziwiri, ndipo amayi atangoponda pamlathopo onse anayamba kuliza mabelu a njinga zawo. Ngiringiri! Ngiringiri! Nthungululu zinamveka mpaka tsidya lina. Amayi anaimirira, n'kukweza ndodo m'mwamba, n'kugwedeza mapewa kawiri, anthu n'kukuwa.

Abusa anasunga pangano, analalikira mwachidule. Titatuluka, anthu anakhala pansi pa mitengo ya mango kuseri kwa tchalitchi, ndipo amayi anawaika pampando wa ndalema patsogolo, khutu lawo labwino litaloza kwa oyankhula.

Oyamba anali achimwene. Anakonza jekete, n'kuyamba ndi mawu awo a paguwa. Anati amayi athu anali munthu wofatsa, wodekha, amene chibadwire chawo sanawaonepo atakwiya.

"Bodza!" anatero amayi mokweza. "Iwe, tsiku lija unathawa sukulu n'kukawedza kumtsinje, ndinakupsompsona?"

Kuseka kwake! Amayi ena anachita kugwa chagada pamkeka. Achimwene anaima pakamwa pali yasa, kenako nawonso anaphulika, n'kugwira khutu lawo lakumanzere kuonetsa anthu pomwe panapotokoledwa. Kuyambira pamenepo aliyense woimirira anadziwa kuti pano ponamizira palibe, mwiniwake akumva.

Kenako panaimirira bambo wina wa imvi, amene kale ankayendetsa minibasi pamsewu wa ku Liwonde. Ine ndinkangomudziwa nkhope. Anati masiku amenewo amayi akakhala ndi beseni lawo la zitumbuwa pasiteji, ankati akaona minibasi yadzaza, ankagwira chitseko n'kuyamba pemphero, kondakitala akumenya bodi, okwera akung'ung'udza kuti achedwa.

"Ine ndinkamwa, abale anga," anatero bamboyo. "Ndinkamwa ngakhale m'mawa. Mayi awa ankabwera pawindo langa, n'kundiuza kuti, puma ndimve. Akamva fungo, ankaima kutsogolo kwa galimoto, beseni lili pamutu, osasuntha. Ndinawatukwanapo. Mawa lake anabweranso, n'kundipatsa chitumbuwa chotentha. Anachita zimenezo mpaka manyazi anandigwira, mowa ndinausiya. Lero ndili ndi zidzukulu chifukwa mayi awa ankandikonda."

"Kukukonda kunabwera pambuyo," anayankha amayi. "Poyamba ndinkangoopera ana a eni ake omwe unkanyamula."

Anthu anaombera m'manja, bamboyo akupukuta m'maso ndi chipewa, uku akuseka.

Oyankhula anachuluka. Wina anati anamuphunzitsa kuwokera mpunga. Wina anati anamugoneka pakhomo pawo mwezi wathunthu atathamangitsidwa kubanja. Amayi ankakonza apa ndi apo, kuti sunali mwezi unali kupitirira, kuti mbewu ija sanapereke ulere koma anasinthana ndi nandolo. Ndiye panadzuka gogo wina wachisilamu wa tsidya la mtsinje, wochepa thupi, atafunda nsalu kumutu. Chichewa chake chinali chosakanikirana ndi Chiyao, ndipo ankayankhula motsitsa, moti anthu anachita kuuzana kuti akhale chete.

Anati chaka china cha njala, ana ake atagona masiku osadya, anapita kwa amayi wopanda n'chonena chomwe, anangokhala pakhonde. Amayi analowa m'nyumba, n'kutulutsa kaufa ka madeya komwe kanatsala, n'kukagawa pakati ndi dzanja. Kuyambira tsiku limenelo mpaka chimanga chinacha, chilichonse chomwe amayi ankapeza chinkagawidwa pawiri.

Ine njala imeneyo ndinkaikumbuka. Ndinkakumbuka phala lamadzimadzi, ndi momwe ndinkadandaulira kuti likuchepa. Koma sindinkadziwa kumene theka linalo linkapita.

Tonse tinayang'ana amayi kudikira kuti akonza pati. Kenako tinaona misozi ikutsika m'makwinya a m'masaya mwawo.

"Anayamba ndi iyeyu," anatero amayi. "Mwamuna wanga atamwalira, ine ndili ndi khanda kumsana, ndinapita kumunda n'kupeza mizere yonse yolimalima. Ndinafunsa mudzi wonse, palibe anavomera. Ndinadzamva patapita zaka kuti anali iyeyu ndi malemu mwamuna wake. Bwera kuno, mnzanga."

Khanda linali kumsanalo ndinali ine. Agogo awiriwo anakumbatirana, ndodo zawo zitagwera pansi.

Kenako amayi anapukuta nkhope ndi nsonga ya chitenje, n'kuti, "Ndinakuitanirani maliro ngati? Imbani!" Ndipo anayambitsa okha nyimbo. Monga mwa chizolowezi chawo anaiyambira pamwamba zedi, pomwe wina aliyense sakanafikapo, akwaya n'kumayang'anana, mitsempha ya m'khosi itatuluka. Koma anailandira. Ng'oma inalowa, visekese vinalowa, ndipo amayi anadzuka pampando popanda wowagwira. Anavina, abale! Mapazi sankachoka pansi, koma mapewa ndi chiuno zinkagwira ntchito, duku litapendekeka. Zidzukulu zinawazungulira. Achimwene anavula jekete n'kuliponya pa nthambi ya mango. Ine mphunzitsi, amene ana a sukulu ankandiopa, ndinapezeka ndili pakati pa bwalo nsapato zili m'manja.

Fumbi lili kobo choncho, tinamva hutala kumsewu, ikulira mosalekeza. Minibasi inasiya msewu waukulu n'kubwera mpaka pa tchalitchi penipeni. Chitseko chitatseguka munatuluka mwana wa achimwene uja wa ku Joni, maso ali psuu ndi tulo ta ulendo, kamwana kali m'manja. Dalaivala atamva pa Songani kumene mtsikanayo ankapita, anati amufikitsa pakhomo, ndipo okwera ena onse anavomera. Ena a iwo anatsika n'kulowa m'gule osadziwa n'komwe kuti mwambowo ndi wa chiyani.

Achimwene anathamanga ngati mnyamata. Azimayi anakuwa. Mtsikanayo anadutsa pakati pa anthu, n'kugwada pamaso pa amayi, n'kuwapatsa mwanayo. Amayi anali asanamuonepo. Anamuyang'anitsitsa, n'kumununkhiza pamutu, n'kuyankhula mawu angapo m'Chilomwe cha makolo awo, chomwe ankachiyankhula pokhapokha mtima ukadzaza. Kenako anamukweza m'mwamba, ife tonse titatchera manja pansi pake, n'kuyamba kupemphera. Pemphero limenelo linatalika. Mpunga unali utapsa kale, fungo la nyama ya mbuzi likutikoka m'mphuno, koma anatchula aliyense, ngakhale dalaivala uja ndi okwera ake. Ameni wake anamveka ngati bingu.

Tinadya mpaka kukhuta, thobwa linatha migolo yonse, ndipo anthu anabalalika dzuwa litapendeka.

M'mawa mwake ine thupi lonse linali lophwanyika. Ndinkaganiza kuti amayi agona mpaka masana. Koma ndinamva ndodo ikugogoda pachitseko.

"Dzuka, mwanawe. Tenga kambale ako."

M'kambalemo munali mpunga ndi nyama zomwe anabisa dzulo lake. Anati kuseri kwa dimba kuli bambo wina wosaona, amene ankaimba besi m'kwaya kalekale, ndipo analephera kubwera chifukwa miyendo inatupa. Tinayenda m'mizere ya ziputu za mpunga, mame akutinyowetsa, amayi akupumira panjira. Bamboyo tinamupeza atakhala padzuwa. Amayi anakhala pambali pake, n'kumuika mbale m'manja, n'kuyamba kumufotokozera zonse kuyambira pachiyambi, amene anabwera, amene ananama, amene anavina moipa. Bamboyo ankaseka mpunga uli m'kamwa, akumenya bondo lake, n'kumati, "Ndiye kenako? Ndiye kenako?"