Mwendo woyezera mtsinje

Anthu amawatchula kuti a Mwendo, ndipo eni ake sakwiya nalo dzinali. Ndi bambo wamtali ngati pholo la magetsi. Kwa zaka makumi awiri akhala akuyang'anira paipi yotenga madzi ku mtsinje wa pamwamba pa phiri kupita m'thanki imene imagawira mipopi isanu ndi umodzi.

Kayezedwe kawo ka madzi kanali kakekake. Lolemba lililonse ankakwera phiri, n'kupinda buluku, n'kuima pa mwala wathyathyathya pakati pa mtsinje. Madzi akafika m'bondo, mipopi inkatsegulidwa tsiku lonse. Akafika pa katumba, m'mawa wokha. Akatsikira mu akakolo, mpopi uliwonse tsiku lake.

"Kale madziwa ankandinyowetsa ndi kabudula wam'kati yemwe," ankatero. "Masiku ano mvula imagwa yonse tsiku limodzi n'kuthawa ngati yaba. Mtsinje nawo watengera khalidwe lomwelo."

Chaka chino dzuwa litakula, a Mwendo anaterereka kubafa n'kuthyoka mwendo woyezerawo. Achipatala anauika chikhakha. Ali chigonere pa mpando, anaitanitsa mlamu wawo, telala wamfupi amene amasoka atakhalira mapilo awiri.

"Alamu, palibe chovuta. Mukaime pamwala, mukaone pamene madzi akulekeza."

Telala anabwerako ali wefuwefu, buluku lili chuchuchu.

"Alamu, zinthu zili bwino! M'bondo, kupitirirako pang'ono!"

A Mwendo anadabwa, komabe anati kaya kumtunda kwagwa mvula. Analamula kuti mipopi yonse itsegulidwe. Anthu anachapa mabulangete ndi makatani, wina anatsuka njinga, winanso anathirira maluwa amene anauma kalekale.

Pofika Lachitatu thanki inali gwa. Mpopi wa kumunsi, umene amatungapo mwana wawo wamkazi, unkangotsokomola mpweya. Mwanayo anatulukira khanda lili kumsana, n'kutula beseni la matewera akuda patebulo, pafupi ndi chikhakha.

"Ababa, mdzukulu wanuyu avala chiyani? Matewera onse ndi amenewa."

Fungo litadzaza nyumba, a Mwendo anaitanitsanso telala.

"Alamu, madzi aja analekeza pati?"

"Apa," anatero telala, akumenya bondo lake.

Mwana uja anayang'ana bondolo, n'kuyang'ana la bambo ake. "Amalume, tabwerekeni tepi ili m'khosiyo."

Anayeza miyendo iwiriyo. Bondo la telala silinkafika n'komwe pa katumba wa a Mwendo.

"Nanga ndalakwa ine? Munati bondo," anatero telala. "Langa ndi lomweli, sindinachite kubwereka."

Mipopi inatsekedwa masiku anayi kuti thanki idzaze, ndipo matewera anachapidwa ndi madzi opempha. Mwanayo anatenga chitsulo chachitali, n'kulembapo mizere itatu ndi penti yofiira, molingana ndi mwendo wa bambo ake. Telala ndiye anachisenza kukachikhoma pamwala paja, akunyinyirika njira yonse.

"Ndiye kuti ine ntchito yanga yatha?" anafunsa a Mwendo, nkhope ili ndwii.

"Ayi ababa. Chitsulo sichingatseke mpopi. Komanso anthu akafuna womutukwana, asowa."

Chikhakha chitachoka, a Mwendo anakwera phiri mwapang'onopang'ono. Anachizungulira chitsulocho ngati mkamwini wosamukhulupirira. Kenaka anapinda buluku n'kulowa m'madzi kuti aone ngati sichikunama. Madzi anali pa mzere wapakati, pa katumba penipeni.

"Chabwino," anachiuza. "Koma wamkulu pano ndine."