Album Imene Gelson Sanaimve

Anzanga, ine ndi Gelson tinakumana m'matope.

Chapa, minibasi ya kwathu kuno, imene tinakwera kuchokera ku Majaua inatitimira panjira, woyendetsa n'kuzimitsa injini ndi wailesi yomwe. Mpamene ndinamva kaphokoso kakutuluka m'makutu mwa mnyamata amene ndinayandikana naye. Iye atatsinzina, mutu ukungogwedezeka.

"Achimwene, foni yanuyo yafa kapena? Ikungolira tsiii..."

Anaseka, n'kuchotsa earphone imodzi. "Si kufa kumeneku, ndi gitala. Tamverani."

Ndinamvera. Mkazi wa mawu osasa akuimba Chipwitikizi ngati wangodzuka kumene, ng'oma zikugunda mosafulumira.

"Ndiye zimenezi mumavina bwanji?"

"Sitivina. Amati indie rock. Timagulu tosatchuka, tojambulira nyimbo kuchipinda kwawo."

Pamene amuna ankamaliza kukankha chapa, album yonse inali itatha, nambala yake ili m'foni mwanga.

Kwa amene simundidziwa, ndine Cremilda, ndimaluka tsitsi pa salon ya achemwali anga pafupi ndi msika wa pa vila, katauni kathu. Gelson ankakonza njinga zamoto. Anali ndi lamulo limodzi: album sadumpha, umayamba nyimbo yoyamba mpaka yomaliza. Ankanditumizira za ku Porto, za ku São Paulo, zina za Chingerezi zoti mawu ake tonse sitinkawamva bwino. Ine ndinakonda kwambiri za pop, zokhala ndi piyano, iye n'kumandiseka kuti ndili ndi makutu a shuga.

Tsiku lina ndinaziika pa salon. Kasitomala wina anadzutsa mutu, tsitsi lili theka.

"Iwe Cremilda, wamwalira ndani?"

Nditamufotokozera Gelson anaseka mpaka kugwetsa sipanala!

Lamlungu masana tinkakhala pakhonde pawo titayang'ana phiri la Tumbine, earphone imodzi iye, ina ine. Zoti amandikonda sananene ndi pakamwa. Ananditumizira album n'kulemba kuti, "Yomalizayo umvere uli wekha." Ndinaimvera, n'kumuyankha kuti, "Nanenso."

Kenako Gelson anayamba kumva mutu. Thupi kutentha, khosi kuuma. Kuchipatala anati ndi meningite, matenda oumitsa khosi. Tinapemphera, Mulungu anatimva, Gelson anadzuka... koma makutu ake sanadzuke nawo. Onse awiri. Anapita naye mpaka ku Quelimane, madokotala n'kunena kuti mitsempha ya m'makutu inawonongeka, palibe chochita.

Ine sindinathawe, anzanga. Ndinkamulembera pa foni tili pamodzi. Pang'ono ndi pang'ono anaphunzira kuwerenga milomo yanga, bola ndiyankhule mosathamanga atandiyang'ana.

Ndiye gulu lija la m'chapa linatulutsa album yatsopano. Anaiona yekha pa intaneti.

"Umvere, undiuze," anatero. Mawu ake anali atayamba kukwera kwambiri poti sankadzimva.

Ndinamvera yonse iye akundiyang'anitsitsa nkhope.

"Ndi yokoma," ndinatero.

"Yokoma bwanji? Mango nawonso ndi okoma."

"Gitala ndi yambiri kuposa kale... mkazi uja akuimba ngati akufuna kulira."

"Gitala yake ikulira bwanji?"

Anzanga, inuyo mungayankhe chiyani? Iye anatenga kasipika kathu, n'kukweza mpaka pamapeto, n'kukagunditsa pachifuwa. Anakhala choncho atatsinzina, aneba akusuzumira pampanda. Kenako anakaika pansi bwinobwino.

"Zikungonjenjemera basi."

Kuyambira tsiku limenelo ndinasiya kumvera nyimbo. Palibe anandiuza. Ndinkangoona ngati ndikudya pamaso pa munthu wanjala. Koma Gelson ndi munthu woona zinthu. Anapeza ma earphone anga atakulungidwa m'kabati ya ku salon, pansi pa mesh.

"Unasiya liti?"

Ndinayang'ana pansi.

"Ndiye ukufuna ogontha tikhale awiri?"

Sabata imeneyo isanathe anasiya ntchito, poti injini sankaimvanso ikamalira molakwika. Anapita kwa amayi ake ku Molumbo osanditsanzika. Ma message anga ankawerenga, osayankha.

Ndinapirira mpaka ndinalephera. Ndinakwera njinga yamoto, fumbi lokhalokha, mpaka kwawo. Amayi ake, Dona Laurinda, anandigwira manja onse awiri.

"Mwanangu, mwavutika ulendo. Ali kumunda wa nyemba uko. Koma musakadabwe, ngakhale ife satiyang'ana kawirikawiri."

Ndinamupeza akupalira, ataonda. Atandiona anaima, khasu lili m'manja.

"Wabwereranji, Cremilda?"

"Ndabwera kudzakutenga."

"Bwerera. Ndikakuona, m'mutu mwanga mumayamba kuimba. Nyimbo imafika pakati n'kuima, poti kutsogolo kwake ndaiwala. Zikutha imodziimodzi. Kuno palibe chondikumbutsa, ndimagona bwino."

"Ine sindinakonde nyimbo, ndinakonda iwe!"

Sindikudziwa ngati anawerenga zonse. Ndinamugwira chibwano kuti ayang'ane milomo yanga ndibwereze. Anachotsa dzanja langa mofatsa, ngati akuopa kulipweteka, n'kutembenuka.

Ndinakuwa dzina lake. Ndinakuwanso. Amayi amene ankalima munda woyandikana nawo anaweramuka onse n'kundiyang'ana. Iye khasu linkangokwera n'kutsika.

Anzanga, akanakhala kuti wapeza mkazi wina, bwenzi ndili ndi womutukwana. Akanandinamiza, bwenzi ndikudana naye, mwina bwenzi nditachira. Koma ndikwiyire ndani? Munthu wosamva akakutembenukira msana, ulibenso polowera.

Ndinaima pamenepo mpaka anamaliza mzere. Sanacheuke.